Dzanja Lakufa ndi Singano za Anti a ku China

Dzanja langa lamanja linafa Lachisanu masana, ndipo amene anapha ndine mwini wake. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinalibe njira ina.

Nkhani inayamba Lachitatu m'mawa pamene ndinamata chikalata pageti la sukulu yathu. Ndinachilemba ndi cholembera chakuda chachikulu chifukwa kwathu kunalibe kompyuta. Chinkanena kuti makoswe alowa m'khitchini ya sukulu ndipo ena aswera mu uvuni, choncho ana onse abwerere kwawo mpaka opha makoswe atamaliza ntchito. Pansi pake ndinawonjezera kuti aliyense amene anadya mbatata za dzulo amwe madzi ambiri. Mzere womalizawo ndimaunyadira mpaka lero. Pafupifupi theka la kalasi lathu linabwerera pageti pomwepo, ena nakazungulira m'mashopu a ku Lewisham, dera limene tinkakhala kuno kunja kwa Malawi, tsiku lonse atavala yunifolomu. Mtsikana wina anasanza m'basi chifukwa chongowerenga basi.

Chisangalalo changa chinatha Lachisanu. Ahedi anaima kutsogolo kwa tonse, chikalata changa chili m'manja, nanena kuti Lolemba aliyense wa chaka chathu adzakopera mawu amenewo pamanja, ndipo aphunzitsi atatu adzafananiza kalembedwe. Ine kulemba ndinaphunzirira ku Malawi, rula ili pamwamba pa zala, ndipo zilembo zanga zimaima chilili ngati asilikali, michira yopindika bwinobwino. Palibe mwana wobadwira kuno amene amalemba choncho. Ngakhale wakhungu akanandiloza.

Ahedi sindinkawaopa kwenikweni. Ndinkaopa lumbiro la amayi. Miyezi iwiri m'mbuyomo, nditathira mchere m'chitini cha shuga tsiku limene azimayi a mapemphero anasonkhana kwathu, amayi anandikhazika pansi nkunena motsitsa mawu, osakalipa n'komwe: "Bodza lina limodzi, kapena kalata ina imodzi yochokera kusukulu, ukukwera ndege. Ukakhala kwa amalume ako." Amalume anga, achimwene awo a amayi, ndi mkulu wa sukulu yogonera konko ya mishoni kumudzi, kumene ana amatchetcha udzu asanamwe phala. Amayi akakalipa zimatha. Akayankhula motsitsa amachita.

Ndiye ndinalowa m'nyumba Lachisanulo nditagwirizira mkono, nkuti ndagwa pamasitepe a basi dalaivala ataponda buleki mwadzidzidzi, ndipo kuyambira paphewa mpaka kuzala sindikumva kanthu. Dzanja lakufa silikopera chikalata.

Ndiyenera kunena kuti amayi anali namwino kwathu, zaka zambiri mu wodi ya ana. Kuno mapepala awo anali asanavomerezedwe, choncho ankagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Anandivula juzi, anadina apa ndi apo, anapinda chigongono. Panalibe chotupa, panalibe bala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga chikwama nkupita ku shifiti. Loweruka lonse ndinadya ndi kumanzere, ndipo amayi akatuluka ndinkaima pagalasi kuyeserera: phewa litsike pang'ono, zala zilendewere ngati nthochi zofota. Sindikudzitama, koma zinali zokongola.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi amayi anati, "Kuchipatala tikakhala pamzere mpaka mawa. Vala nsapato, tipite kwa anti a pakhomo lakumapeto."

Mtima unakhala pansi. Anti amenewa anali mayi wa ku China, wamfupi, wa imvi pang'ono, amene ankakhala yekha kumapeto kwa khonde la fulati yathu. Ankasita zovala pamalo ena ochapira ku Woolwich. Msana wa amayi ukavuta chifukwa chonyamula okalamba, iwo ndi amene ankawathandiza, ndipo ndinali nditawamva kangapo mu lifiti amayi akuwathokoza. Anti ankakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche, nkunena m'Chingerezi chawo choduladula, "Ayi, ayi, ine ndimangodziwa khungu ndi ubweya basi." Ine ndinawakhulupirira. Munthu wanena yekha kuti amangodziwa zapamwamba, ndimutsutse ndine ndani? Ndinaganiza kuti andipaka mafuta onunkha, andimange nsalu, ndipo nsaluyo ndikaionetsa kwa ahedi Lolemba.

Tili pakati pa khonde ndinafunsa mwaulemu wonse, "Koma mami, anti aja si amati sadziwa zambiri?"

Amayi anaima. "Wamva kuti?"

"Amanena okha. Khungu ndi ubweya."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Iwe, amene aja anali dokotala wamkulu kwawo zaka makumi atatu. Ankaphunzitsa madokotala anzawo. Ndi mmene amayankhulira kwawoko. Ukamva wina akuti akudziwa khungu ndi ubweya, dziwa kuti anafika mpaka m'kati mwa fupa."

Anagogoda ndisanameze malovu. Ndinayang'ana masitepe, ndinayang'ana lifiti, koma dzanja la amayi linali kale pakhosi la jekete langa, ndipo chitseko chinatseguka.

M'nyumbamo munkanunkhira makungwa owiritsa. Tinavula nsapato nkuvala masilipasi amene anatiikira. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha munthu wopanda zovala, wopanda tsitsi, thupi lonse lili mizere ndi timadontho tosonyeza pobaya singano zochiritsira, kuyambira kuchala cha phazi mpaka pachipumi. Ndinayamba kuwerenga timadontho ta pamkono wake, ndipo nditadutsa makumi awiri ndinasiya.

Amayi anafotokoza za basi ndi buleki, mawu ali phee, ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina. Anti anamvetsera mutu uli chopendekera. Kenako anabisa manja awo kumbuyo.

"Mchemwali wanga, mukundichititsa manyazi," anatero. "Kwathu kunali kalipentala wamkulu kalekale, woti matabwa ankamumvera. Ndiye timati chitsiru ndi munthu amene amapita pakhomo pa kalipentala ameneyo nkuyamba kuvinitsa nkhwangwa kuti amuone. Lero chitsirucho ndine. Namwino wa ana wakhala apa, ine ndigwire mkono wa mwana wake?"

"Aa, anti, ife ndife ndani?" amayi anayankha, manja ali pachifuwa ngati akulandira mlendo wa kumpingo. "Ife timangosintha zofunda. Eni ntchito ndinu."

"Ayi, maso anu aona ana ambiri kuposa anga."

"Maso athu anakalamba ndi mashifiti, anti. Tiphunzire kwa inu."

Anakankhirana ulemu umenewu uku ndi uku ngati anthu awiri okumana pakhomo lopapatiza, aliyense akuti dutsani ndinu. Ine ndinali pakati pawo pa kampando, mkono wanga uli pamwendo ngati nsomba ya pamsika. Ndipo pang'onopang'ono zinandilowa m'mutu kuti m'chipindamo munalidi munthu wovinitsa nkhwangwa, koma sanali anti. Ndinali nditabwera ndi matenda opeka pamaso pa makalipentala awiri nthawi imodzi. Thukuta linatsika m'khwapa la mkono wakufawo, ndipo ndinadzifunsa ngati mkono wakufa umatuluka thukuta. Sindinkadziwa. Iwo ankadziwa.

Pomaliza anti anasamba m'manja. "Chabwino, ndionetse kunyansa kwanga," anatero. Ataona nkhope yanga anamwetulira. "Usaope, mwana. Timatero tikamayamba kuimba kapena kuphika pamaso pa odziwa."

Anaika zala zitatu pamkono panga, pamene mtsempha umagunda, nkutsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali moti ndinamva wailesi ya nyumba yoyandikana ndi basi ikuima kunja. Mtima wanga unkathamanga ngati ukuthawa galu, ndipo ndinkadziwa kuti zala zitatuzo zikumva chilichonse, za makoswe, za mchere, ngakhale zimene amayi sanazidziwe mpaka pano. Anandiuza kuti nditulutse lilime. Analiyang'ana ngati akuwerenga kalata. Anakanda chikhatho changa ndi chikhadabo, ine nkuluma tsaya m'kati kuti zala zisagwedezeke. Sizinagwedezeke. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndipulumuka.

"Gona apa," anatero, akuloza kabedi kopapatiza ka pakona.

Ndinagona chagada. Ananyamula mkono wanga wakufa mofatsa, nauimika pamwamba penipeni pa nkhope yanga, kenako anangousiya.

Unagwera pambali pa khutu.

Anaunyamulanso, nausiya. Unagweranso pambali pa khutu, mwaulemu, osakhudza ngakhale nsidze. Kachitatu ndinazindikira chimene ankafuna kuona, ndipo ndinalamula dzanjalo kuti ligwere pamphuno. Linakana. Linatsika bwinobwino, litafika pafupi nkukhota lokha ngati njinga yozemba dzenje. Munthu sungadzimenye mphuno mwadala, ndayesera kambiri chichokereni tsiku limenelo.

Amayi ankayang'ana chithunzi cha pakhoma. Anti ankayang'ana pawindo. Ine ndinkayang'ana kudenga, ndikuona bwalo la ndege, ndi amalume atagwira chikwakwa chondilandirira. Ndinadikira mawu amodzi okha, akuti bodza. Akangotuluka m'kamwa mwa dokotala, amayi ali pomwepo, zanga zatha.

Sanatuluke. Anti anakhala pansi, nasisita siketi yawo.

"Pamaso pa namwino sindingagamule," anatero. "Kwathu timati ndiponye njerwa kuti mnzanga atulutse mwala wamtengo wapatali. Wopanda nzeru amayamba kuyankhula kuti wanzeru amukonze. Njerwa yanga nayi. Mafupa ali bwino. Mitsempha ili bwino. Mkonowu wangogona. Mkono wogona nthawi zina umadzuka wokha pamene palibe akuuyang'ana. Ine ndikawiritsa madzi a tiyi, ndipo amayi ako abwera kudzandisonyeza mmene amaukondera. Tikabwera tiona. Ukapanda kudzuka, pali singano."

Anatuluka onse awiri, nakoka chitseko cha kukhitchini.

Ndikudziwa chimene anandichitira. Anandiikira makwerero kuti nditsike ndekha popanda wondiseka. Ndikanangogwedeza zala nkufuula kuti zayamba kumva, tonse tikanamwa tiyi. Koma dzanja likadzuka Lamulungu ndiye kuti Lolemba lilemba, Lachiwiri kalata ifika, ndipo ndege ndi yomweyo. Ndinagona pamenepo ndikumva ketulo ikuyamba kulira, ndikuyeza singano mbali ino, udzu wa amalume mbali inayo. Singano ndimaziopa kuyambira ndili mwana. Tsiku lina lakatemera kwathu anandigwira azibambo awiri. Komabe singano zimatha tsiku lomwelo.

Atabwera ndi tiyi anapeza mkono uli pomwe anausiya.

Anti anapumira m'mwamba pang'ono. "Njerwa yanga yalephera. Mchemwali wanga, mwala wanu?"

Amayi anamwako tiyi. "Wanga ndi wakuti muubaye."

Kabokosi kanatuluka m'kabati. Singano iliyonse inali m'kapepala kake, ndipo anti anaziyala pathebulo motsatana ndi kutalika, mosafulumira, ngati akuyala masupuni a alendo. Zinali zopyapyala ngati tsitsi. Yakumapeto inali yotalika ngati pensulo yatsopano. Ataona pamene maso anga aima, anaikankhira pambali. "Iyi ndi ya matako, si ya lero." Mawu akuti lero sanandisangalatse.

Anapukuta chigongono ndi thonje lozizira. Ndinatsinzina nkuyamba pemphero la Ambuye, koma ndinasokoneza mizere ndipo ndinangobwereza za chakudya chalero katatu. Yoyamba inalowa ngati kuluma kwa udzudzu. Yachiwiri chimodzimodzi. Nditasuzumira ndinaziona zitaima pamkono panga zikugwedera, ndipo chipinda chinayamba kuzungulira, koma zala sizinasunthe. Ndinali ndikupambana.

Yachitatu anaiika pakamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Anailowetsa, anadikira, kenako anaipotoza pang'ono pakati pa zala zawo.

Sindingathe kufotokoza bwino. Sunali ululu wa kubaya. Chinali chinthu cholemera, chowawasa, chimene chinathamanga kuchokera padzanja mpaka kumano, ngati wagwira waya wa ayironi yoonongeka. Zala zonse zisanu zinadumpha nkugwira mkono wa bulauzi ya anti. "Mayo ine! Mayo ndafa!" Ine amene amayi akandiyankhula Chichewa ndimayankha m'Chingerezi, tsiku limenelo ndinalira ngati wa kumudzi weniweni.

"Wadzuka!" anatero anti, akuomba m'manja. Anazula singano zonse zitatu mwachangu, natembenukira kwa amayi nkuwerama pang'ono. "Mwaona? Tikanatsata njerwa yanga tikanadikira mpaka mawa. Wachiritsa ndinu."

"Aa, manja ndi anu, anti."

"Manja ndi antchito chabe."

Anayambiranso. Ine ndinakhala tsonga ndikuyang'ana kadontho kofiira padzanja. Mpaka tinatuluka, anti sananene liwu limodzi loti ndinanama. Pakhomo anandipatsa malalanje awiri, limodzi dzanja lililonse, ndipo anaonetsetsa kuti ndalandira ndi onse awiri.

Chitseko chawo chitangotsekeka amayi anayankhula, osandiyang'ana. "Dzanja lakufa limagwera pamphuno. Ndinaphunzira zimenezo chaka choyamba cha unamwino."

"Ndiye munkadziwa?"

"Kuyambira Lachisanu."

"Nanga bwanji munanditengera kumeneko?"

"Kuti ubayidwe." Anatsegula chitseko chathu. "Tsopano undiuze. Lolemba kuli chiyani kusukulu?"

Ndinanena zonse nditaima m'khitchini, malalanje ali m'manja. Amayi sanakalipe. Anatsegula kabati, natulutsa khadi loimbira foni kumudzi, nayamba kukanda manambala ake ndi mpeni wa buledi. Phokoso lakelo ndimalimvabe. Ndinagwada. Ndinalonjeza zinthu zimene sindingazilembe pano chifukwa sindinazisunge. Iwo anangodina manambala ambirimbiri aja mmodzimmodzi, nadikira.

Amalume amayankhula pafoni ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje, choncho ndinamva zonse. Anapatsana moni wautali, za mvula, za mwendo wa azakhali, ine ndikufa pang'onopang'ono pansi. Kenako amayi anati, "Achimwene, mwana uja ndikumutumiza. Mumusungire malo temu ikubwerayi."

"Walakwanso chiyani, chemwali?"

Amayi anandilozera foni. "Nena zimene unalemba. Zonse."

Ndinanena. Makoswe m'khitchini. Ena aswera mu uvuni. Nditafika pa kumwa madzi ambiri kunamveka phokoso ngati foni yagwa, kenako chifuwa, kenako ndinazindikira kuti amalume akuseka mpaka kubanika.

"Achimwene, si zoseka izi."

"Ayi, si zoseka," anatero akupuma movutikira. "Ana anabwereradi?"

"Theka la kalasi."

"Chemwali, mundimvere. Kumeneko makoswe anachita kupeka. Ife kuno tili nawo enieni, m'khitchini, m'nkhokwe, ngakhale mu ofesi mwanga. Ameneyo akafika ndi cholembera chake sukulu ino itsekedwa mpaka Khirisimasi. Ine ndine mphunzitsi wa ana wamba. Ameneyo ngofunika akatswiri. Msungeni konko."

"Achimwene!"

"Ndakana, chemwali. Moni kwa onse."

Amayi anaika foni pansi pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ndili chigwadire, ndipo pakona pa mlomo wawo panagwedera kamodzi, koma anapagwira msanga. "Waona? Ngakhale kwanu akukukana." Anabweza khadi m'kabati. "Mawa ndikuperekeza ndekha. Ukanena kwa ahedi ndi pakamwa pako, ana a eni asanavutike ndi kukopera zopusa zakozo. Chimene akakupatse ukalandira. Dzuka, mbale zikukudikira."

Ahedi anandiimitsa sukulu masiku atatu, ndipo ndinawatha ndikukolopa nyumba ndi kusita mayunifolomu a amayi. Ndege sindinakwere. Koma Lamulungu lomwelo, nditaima pasinki, dzanja lamanja linayamba kunjenjemera zenizeni, mantha onse a tsikulo akutuluka nthawi imodzi. Mbale yagalasi ya alendo inandipulumuka nkusweka pakati.

"Mami, ulendo uno ndi zoona," ndinatero. "Likunjenjemera lokha, taonani."

Amayi sanatembenuke n'komwe. Ankasenda lalanje langa.

"Vala nsapato," anatero. "Anti sanapite kulikonse."

Ndinatola zidutswa zonse, ndipo mbale zotsalazo ndinazitsuka mwaluso loti sanaonepo.